Mwandifunsa za mabuku a malamulo, ndiyambe ndi chitupa cha azakhali anga

Kalata yanu, achemwali, yagona masiku anayi mu imelo ndisanaiyankhe. Mwati muli chaka chachiwiri cha maphunziro a malamulo, milandu yoti muwerenge yachuluka, ndiye mukufunsa ngati n'kulakwa kungodalira mabuku a aphunzitsi ndi zolemba za pa intaneti. Nditawerenga ndinatseka kompyuta n'kutuluka panja, chifukwa mwandikhudza pabala.

Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza nthawi ya Mthandizi, bungwe lija linkatenga anthu kudzagwira ntchito kuno. Ana awo onse anabadwira kuno ku Zimbabwe, ku Mbare mu Harare. Azakhali anga aakulu sanapondeko ku Malawi mpaka lero, koma chitupa chawo chachitsulo chinali ndi chizindikiro chija cha "alien", kunena kuti mlendo. Mu 2001 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la unzika, n'kunena kuti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane motsatira malamulo a dzikolo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi wa Zimbabwe utha. Anthu athu ambiri a m'mafamu, m'migodi, ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa anangodzuka ali alendo m'dziko lomwe mchombo wawo unakwiriridwa. Mu 2003 anafewetsako: wobadwira kuno kwa makolo amene anabwera kudzagwira ntchito kuchokera m'maiko a SADC ankatha kusaina fomu yapadera yokana unzika winawo. Ine ndinasaina. Azakhali anakana.

Mu June 2013 anabwera kunyumba kwanga madzulo, atakwera makombi awiri. Chitupa anachimanga pangodya ya chitenje. Anachimasula pang'onopang'ono, nachiika patebulo pafupi ndi mbale ya nsima, n'kunena kuti, "Mwana wa achimwene, akuti malamulo asintha. Kodi ine ndingavote?"

Nthawi imeneyo ndinali ndisanakhale loya, ndinkathandiza anthu pa ofesi ina ya uphungu wa malamulo. Ndinali ndi kabuku kofotokopa, kachikuto chofiira, komwe tonse tinkakakhulupirira. Ndinakatsegula, ndinapeza tsamba la unzika, ndinawawerengera momasulira: muyenera kusaina kaye fomu yokana Malawi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndikane kwawo kwa bambo anga ndi dzanja langali?" Anamanganso chitupa chija, nsima osaimaliza.

Chisankho chinachitika pa 31 July. Mu August ndi pomwe ndinakhala pansi kuwerenga ndekha malamulo atsopano oyendetsera dziko, omwe anasindikizidwa pa 22 May chaka chomwecho. Ndime 43(2) ikunena poyera kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe tsikulo lisanafike, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala kuno pa tsikulo, ndi nzika yobadwa nayo. Palibe zokana chilichonse. Azakhali anali nzika kale pamene ankamasula chitenje chija patebulo panga. Chomwe ankafunika n'kukasinthitsa chitupa basi. Kabuku kanga kanalembedwa zaka zambiri m'mbuyo, ndipo pa nthawi yake kankanena zoona. Wolakwa ndinali ine, amene sindinayang'ane chaka pachikuto, ndipo sindinapite kukaona lamulo lenilenilo lomwe linali litatuluka masabata ochepa chabe m'mbuyomo. Ndinapita ku Mbare kukapepesa. Anangoti, "Waphunzira." Mpaka pano mawu amenewo amandilasa.

Ndiye mukandifunsa ngati buku n'lokwanira, mtima wanga umathamangira kunena kuti ayi. Ndipo pamene ndikulemba pano ndikuona kuti ndikuumirira kuposa mmene ndinaganizira poyamba. Buku si lamulo. Nkhani ya m'nyuzipepala si lamulo. Zimene mphunzitsi wanena m'kalasi si lamulo, ngakhale akhale pulofesa wa imvi. Zonsezi ndi munthu amene akukuuzani zimene anaona kumudzi komwe inu simunafike. Mwina anaona bwino, koma anaonako liti?

Taonani za ntchito. Pa 17 July 2015 khoti la Supreme linagamula mlandu wa Nyamande ndi mnzake ndi kampani ya Zuva Petroleum, kuti bwana akhoza kuthetsa ntchito ya munthu pongomupatsa notisi. M'masabata otsatira anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Mwezi wotsatira womwewo nyumba ya malamulo inasintha lamulo la ntchito, Chaputala 28:01, ndipo linasinthidwanso mu 2023. Tsono mukatenga buku la 2014, la 2016 ndi la chaka chatha, mupeza mayankho osiyana pa funso limodzi, ndipo wolemba aliyense sananame. Munthu wochotsedwa ntchito akabwera kwa inu ndi kalata m'manja, ana akumudikira kunyumba, mumuwerengera buku liti? N'chimodzimodzi za ukwati wa ana: mu January 2016 khoti la malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa Mudzuru ndi Tsopodzi, linati palibe wokwatira kapena kukwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo lamulo latsopano la maukwati linabwera mu 2022. Manotsi akale amene amayendayenda pa WhatsApp pakati pa ophunzira akadali ndi zakale.

Pali china chomwe chimatigwira ifeyo makamaka. Abale athu ku Zomba amatitumizira manotsi awo mwa mtima wabwino, ndipo poti ndi a kwathu, timawakhulupirira. Koma malamulo a Malawi mizu yake ili ku England, pomwe a kuno mizu yake ndi malamulo a Chiroma ndi Chidatchi, omwe ankagwira ntchito ku Cape pa 10 June 1891. N'chifukwa chake majaji a kuno amatchula mabuku a ku South Africa, nthawi zina mpaka Voet ndi Grotius, akatswiri a malamulo a ku Holland amene anamwalira kalekale. Pa nkhani ya mgwirizano, mwachitsanzo, buku la ku England likuuzani kuti lonjezo silimanga ngati winayo sanapereke kanthu kosinthana nalo. Kuno mfundo imeneyo siigwira. Mukailemba pa mayeso, mwagwa. Ngakhale mabuku a ku South Africa omwewo, jaji amangowamvera ngati malangizo, sakakamizidwa kuwatsata.

Ndipo zimandiwawa kuti Chichewa chili pa ndime 6 ya malamulo oyendetsera dziko ngati chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma azakhali anga lamulo amalimvera pakamwa pa munthu wina nthawi zonse. Kwa iwo, ine ndiye buku. Inunso, achemwali, tsiku lina mudzakhala buku la amayi ena a ku Epworth amene sadziwa Chingerezi. Sadzakhala ndi njira yoonera ngati mwawauza za chaka chino kapena za zaka khumi zapitazo. Pamaliro, ku tchalitchi, ku gule, akangomva kuti mwana wa uje akuphunzira za uloya, amakukokerani pambali. Chimene munganene pamenepo amachitenga ngati chigamulo.

Komabe musamve ngati ndikuti mabuku muwataye. Ndingakhale ndikunama. Munthu wolowa m'nkhalango ya milandu popanda womulozera njira amasochera, ndipo ine nkhani yatsopano iliyonse ndimaiyambira m'buku. Limandipatsa mawu oyenera, limandionetsa pomwe akatswiri amatsutsana, limanditchulira milandu ikuluikulu. Chuma chenicheni cha buku chili m'timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa tsamba, tomwe ophunzira ambiri amatidumpha.

Ndiye muchite chiyani

Mukagwira buku, yang'anani kaye chaka ndi dziko. Ngati ndi la kuno koma linatuluka 2013 isanafike, chilichonse chokhudza ufulu ndi unzika muchikayikire. Werengani mutu umene mukufuna, lembani ndime za lamulo ndi milandu imene yatchulidwa, kenako litsekeni. Pitani pa intaneti, pa tsamba la ZimLII mukawerenge chigamulocho, ndi pa tsamba la Veritas mukaone ngati lamulolo silinasinthidwe. Simungathe kuwerenga milandu yonse, palibe amene amatha. Koma umene mukufuna kuutchula mu ntchito yanu, muuwerenge ndi maso anu, makamaka pomwe jaji akupereka chifukwa. Polemba, lamulo ndi chigamulo zikhale patsogolo. Buku mulitchule pomwe mukufuna maganizo a wolembayo, ndipo munene kuti ndi ake.

Data ikakuthera, laibulale ya malamulo ku yunivesite ku Mount Pleasant ili ndi mabuku a zigamulo za makhoti a kuno. Kuona maso a nkhono n'kudekha, khalani pamenepo masana amodzi pa sabata.

Azakhali anasinthitsa chitupa patapita nthawi, ndinawaperekeza ndine, titanyamula ndime 43 yosindikiza papepala. Anavota mu 2018. Kabuku kofiira kaja ndikadali nako mu kabati ya ku ofesi, ndipo pachikuto ndinalembapo chaka chake ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu. Mukamaliza ntchito yanuyo nditumizireni, ndidzaona nanu milandu imene mwatchula.