Akutumani kumanga sukkah ku Joni? Yambani mwayang'ana kumwamba

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a kwathu amene amagwira ntchito ya m'gadeni ndi yokonzakonza pakhomo la banja lachiyuda ku Glenhazel, mumzinda wa Johannesburg. Apempha kuti dzina ndisatchule. Alemba motere: "Abwana anga ndi achikulire, ana awo onse ali kunja. Sukkah yamatabwa imene ankamanga zaka zonsezi inawola, ndiye akufuna kugula yopangapanga, ya m'bokosi. Akuti ndiyeze malo, tikasankhire limodzi, kenako womanga ndikhale ine. Ndiyambire pati? Komanso ine si Myuda, kodi ndikamanga idzakhala yovomerezeka?"

Zikomo achimwene. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo kuti mtima ukhale m'malo. Sukkahyo, kutanthauza msasa wa pa chikondwerero chachiyuda, idzakhala yovomerezeka. Talmud, buku lalikulu la malamulo achiyuda, imanena mosabisa kuti msasa womangidwa ndi munthu amene si Myuda ulibe vuto, bola unamangidwira mthunzi. Kungoti mabanja ambiri amakonda kuti pofolera mwini nyumba agwireko, ndiye mukafika padenga muwaitane abwanawo, anene okha mmene amachitira.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo: pa Levitiko 23:42-43 Aisraeli analamulidwa kukhala m'misasa masiku 7 chaka chilichonse, kuti ana awo azidziwa kuti makolo awo anagona m'misasa atatuluka ku Iguputo. Ndi chikondwerero cha misasa chija timawerenga pa Yohane 7. Ayuda amachitcha Sukkot, ndipo chimayamba pa 15 mwezi wawo wa Tishrei, patangotha masiku 5 kuchokera pa Yom Kippur, tsiku lawo lalikulu losala kudya. Sabata yonseyo banja limadyera mumsasamo, limalandiriramo alendo, ena amagona momwemo.

Tsono chimene ogulitsa sakuuzani msanga n'chakuti m'bokosimo kwenikweni muli makoma. Makoma ndiwo mbali yosavuta. Chimene chimapangitsa msasa kuvomerezeka kapena kukanidwa ndi denga lake ndi chimene chili pamwamba pa dengalo. Munthu akhoza kuwononga ndalama zambiri pa zitsulo zonyezimira koma n'kumanga chinthu chimene rabi, mphunzitsi wa malamulo achiyuda, atachiona angopukusa mutu. N'chifukwa chake ndikuti musanapite kusitolo, kaimeni pamalo pamene mukufuna kumangapo, mugadamitse mutu. Muyenera kuona thambo lokhalokha. Pasakhale nthambi ya mtengo, denga la khonde, kapena ukonde wamthunzi uja amaika poimika galimoto. Ku Joni mdani wamkulu ndi jakaranda ndi mitengo ina ikuluikulu ya m'mabwalo akale: thunthu limakhala uko kumpanda koma nthambi zatambalala mpaka pakati pa bwalo. Ngati nthambi ndi za mtengo wa pakhomopo, sadzani musanamange. Ngati ndi wa aneba, akambirane eni ake. Wa m'mbali mwa msewu ndi wa khonsolo, musaukhudze, ingosunthani msasawo.

Khoma la nyumba likhoza kukhala limodzi mwa makoma a msasa, ndipo zimathandiza pa mphepo. Denga la nyumba likatulukira pang'ono pamwamba pa msasa silikuipitsa msasa wonse, malinga lisafike pafupifupi mamita 1.9, koma pansi pa mbali yotulukirayo munthu sadyerapo. Ndiye ganizirani kumene tebulo lidzakhale. Ganiziraninso za amayi a pakhomopo: sabata yathunthu mbale ndi mapoto zizichokera kukhitchini. Msasa wa kuseri kwa garaja umaoneka bwino pa tsiku lomanga lokha.

Pa kukula kwake, malamulo amayeza ndi tefach, kutanthauza m'lifupi mwa chikhatho, ndipo arabi amasiyana pang'ono: ena amati masentimita 8, ena pafupifupi 10. Msasa wochepetsetsa ndi zikhatho 7 mbali zonse, tinene masentimita 70, ndipo kutalika kwa makoma kusachepere zikhatho 10, tinene mita imodzi. Denga lisapitirire mikono 20, pafupifupi mamita 9.6, koma zimenezo sizikukukhudzani. Chokukhudzani ndi tebulo. Kalelo ophunzira a Shammai ndi a Hillel, aphunzitsi awiri akuluakulu achiyuda, anatsutsana za munthu amene wakhala mumsasa koma tebulo lake lili m'nyumba, ndipo apa lamulo linatsata a Shammai: tebulo likhale mkati. Choncho tulutsani tebulo lenilenilo, muike mipando, muikokere kumbuyo ngati pakhala anthu, musiye njira ya wonyamula mbale, kenako muyeze. Kwa anthu 8, ine sindingatsike pa mamita 3 kwa 4. Mabokosi ochokera ku America amalembedwa m'mafiti. La mafiti 10 kwa 12 ndi pafupifupi mamita 3 kwa 3.65.

Tifike padenga, limene iwo amati schach. Chofolera chiyenera kukhala chomera m'nthaka, chodulidwa kale, komanso chimene sichinasandutsidwe chiwiya. Malata, pulasitiki, nsalu ndi ukonde zonse zagwa pamenepo. Zimene zimagwira ntchito ndi nsungwi, bango, masamba a kanjedza ndi nthambi zina zodula. Apa pali msampha umene munthu wa kwathu angagweremo ndi mtima wabwino. Mungaone mkeka wansungwi wofolera ukugulitsidwa modula n'kunena kuti, "Bwana, musataye ndalama, mphasa ndikupezerani yotchipa." Musatero. Mishnah, buku lakale la malamulo awo limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 A.D., inakamba kale za mphasa yabango: yolukidwira kugonapo siifolera msasa, chifukwa imeneyo ndi chiwiya, yolukidwira kufolera ndiyo yololedwa. Pamaso zikhoza kufanana, kusiyana kuli pa cholinga cha woluka ndi ulusi umene anamangira. Ndiye mkeka wogula uzikhala ndi chizindikiro cha arabi chotsimikiza kuti unapangidwira ntchito imeneyi. Ngati abwana akukayika chizindikirocho, afunse rabi wa kusunagoge kwawo kapena a Beth Din, bwalo la arabi la mumzindamo. Ndipo mufunse ogulitsa ngati mkekawo uli m'bokosi momwemo, chifukwa nthawi zambiri umagulitsidwa padera, pamodzi ndi mitanda yake.

Kufolera kwake n'kosiyana ndi kumene manja athu anazolowera. Tikamafolera chigafa cha fodya timapanikiza udzu kuti dontho lisalowe. Apa denga likufunika kupereka mthunzi wochuluka kuposa dzuwa, koma lisakhale lothithikana mpaka mvula yamphamvu kulephera kulowa, ndipo mwambo ndi wakuti usiku nyenyezi zizionekera m'mipata. Poyesa, lowani mkati dzuwa lili paliwombo, muyang'ane pansi. Muone mthunzi wokhala ndi timadontho ta kuwala. Mukaona kuwala kwachuluka, onjezerani. Pasakhale mpata wa masentimita 24 kapena kuposerapo wopanda chofolera, makamaka m'mbali mwa makoma mmene mkeka umakonda kuperewera. Mukasankha kanjedza, ikani wambiri kuposa mmene diso likuuzirani. Masamba amene lero ndi aawisi, otambalala, pofika tsiku lachinayi padzuwa la ku Joni amakhala atafota n'kupindika, mipata yatseguka.

Mabokosiwo ali mitundu itatu imene mungakumane nayo. Wofala kwambiri ndi wa mapaipi achitsulo olowetsana okha popanda sipanala, okutidwa ndi chinsalu cha tenti. Ndi wopepuka ndipo ukapindidwa umakwana pakona ya garaja. Wina ndi wa zigawo zolimba, zamatabwa kapena zapulasitiki yolimba, zolumikiza ndi mabawuti. Wachitatu ndi kakang'ono kodzitambasula kokha, ka munthu mmodzi kapena awiri paulendo. Kameneko kasiyeni, si ka banja.

Kukanakhala kusankha kwanga, pakhomo pamene pali malo osungira ndikanatenga wa zigawo zolimba. Chifukwa chake ndi mphepo. Khoma la msasa liyenera kuima pa mphepo ya masiku onse, ndipo chinsalu chimene chikupita uku ndi uku sichiwerengedwa khoma. Shulchan Aruch, buku la malamulo la Rabi Yosef Karo limene linasindikizidwa ku Venice mu 1565, limachenjeza za makoma ansalu ngakhale omangidwa bwino, poti mfundo ikhoza kumasuka munthu osadziwa. Njira yake ndi lamulo lakuti mpata wosakwana zikhatho 3 umatengedwa ngati wotsekeka. Ndiye opanga mabokosi abwino amaikamo malamba kapena timapaipi topingasa tozungulira msasa. Mukakunga malamba 5, loyamba masentimita 20 kuchokera pansi, enawo motalikirana masentimita 20 mpaka kufika mita imodzi, malambawo paokha asanduka khoma, chinsalu chingotsala chotchinga maso ndi mphepo. Akungeni zolimba moti mukakankha ndi dzanja asatseguke. Bokosi lachinsalu lopanda malamba amenewa musalitenge, kapena mugule malambawo padera. Makoma akhale atatu athunthu kapena anayi okhala ndi khomo. Lamulo limalola awiri ndi kachidutswa ka lachitatu, koma miyeso yake ndi yovuta, musadzivutitse nayo.

Kusitoloko gwirani paipi imodzi muone kulemera kwake, mufunse ngati zolumikizira za m'makona zimapezeka padera ikathyoka imodzi, ndiponso ngati munthu wamtali angaime mkati osagunda mitanda.

Pomanga mukhale awiri. Yalani zonse pakapinga, muwerenge mogwirizana ndi pepala la m'bokosi, za utali wofanana pamodzi. Yambani ndi mapaipi apansi, kenako nsanamira za m'makona, kenako apamwamba. Musanamange chinsalu, kokani tepi kuchokera pakona kupita pakona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Manambala akafanana ndiye kuti chaima bwino. Akasiyana, chinsalu chidzakukanani pakona yomaliza ndipo mudzayesa kuti anakupatsani chachifupi. Pansi pa khoma pasatsale mpata wofika masentimita 24, zimene zimachitika bwalo likakhala lotsetsereka. Miyendo ipanikizeni ndi matumba amchenga kapena muimangirire kukhoma la nyumba. Okutobala ku Joni amabwera ndi mabingu amadzulo, mphepo ya mkuntho, nthawi zina matalala, ndipo msasa wachinsalu wosamangirira umanyamuka wonse.

Makoma athe kaye, denga pambuyo. Dongosolo limeneli ndi lamulo, si nkhani ya luso chabe. Mukafolera makoma asanaime, ambiri amati muchotse mufolerenso. Mkeka usagone pachitsulo mwachindunji. Yalani mitanda yamatabwa pamwamba pa mapaipi, mkeka ugone pamitandapo, timitengo take titapingasana ndi mitanda, osati kutsata mbali imodzi. Kuti usauluke, gonekani mitanda ina pamwamba pake n'kumangirira mitandayo kumapaipi. Waya ndi timalamba tapulasitiki pa mkeka penipeni ambiri amapewa, amakonda chingwe cha thonje kapena cha khonje; afunseni abwana.

Magetsi akhale a panja, osalowa madzi, mababu atalikirane ndi masamba ouma. Muike chozimitsa ndi kuyatsa chokha pa nthawi yake, chifukwa pa Sabata ndi masiku opatulika iwo sagwira switchi. Makandulo amayatsidwa madzulo amenewo, ndiye pezani malo otalikirana ndi chinsalu, kapena ayatsire m'nyumba. Zokongoletsa zimene zidzukulu zimatumiza zilendewere pafupi ndi denga, zisatsike kupitirira masentimita 30.

Za nthawi, mu 2026 Yom Kippur ikutha madzulo a Lolemba pa 21 Seputembala, ndipo Sukkot ikuyamba dzuwa likamalowa Lachisanu pa 25. Mabanja ambiri amayamba kumanga usiku womwewo Yom Kippur ikangotha. Inu muli ndi Lachiwiri mpaka Lachinayi. Lachisanu lisiyeni la kukhitchini ndi kukonza tebulo. Loweruka ndi Lamlungu limenelo ndi masiku opatulika osagwira ntchito. Mphepo ikasasula denga pa masiku amenewo, musathamangire makwerero mwa inu nokha. Auzeni eni ake, iwo adziwa chochita.

Mvula ikagwa mpaka kuwononga chakudya m'mbale, amaloledwa kukadyera m'nyumba, kupatula usiku woyamba umene ambiri amayesetsa kudyako kachidutswa ka buledi mumsasamo. Ena amagula pulasitiki yokunkhuniza pamwamba poteteza mipando. Ikakhala yoyala, msasa sukugwira ntchito, ndiye ikhale yosavuta kuchotsa kwa munthu wachikulire ataima pansi.

Kupasula kudikire mpaka masiku awiri otsekera, Shemini Atzeret ndi Simchat Torah, atadutsa, kutanthauza Lolemba pa 5 Okutobala. Mkeka ndi chinsalu muziyanike ziume gwa musanapinde, apo ayi chaka chamawa mudzapeza nkhungu yokhayokha. Mkekawo muukulunge muusunge pamwamba, kutali ndi chinyezi cha simenti, ndipo mapaipi muwalembe manambala ndi penti musanawasolole.