Funsani Azakhali: Foni Ikati Odi

Mwezi uno makalata ambiri abwera okhudza mafoni. Ndasankhapo atatu, ndawafupikitsa pang'ono, ndipo maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Zikomo Azakhali. Ndili ndi mwana wamkazi wa Fomu 4 amene alembe MSCE chaka chino. Bambo ake anamugulira foni kuti azilandirirapo manotsi, chifukwa kusukulu kwawo mabuku ndi ochepa ndipo aphunzitsi amatumiza zambiri pa gulu la WhatsApp. Madzulo alionse amakhala patebulo kuyambira 7 koloko mpaka 10 koloko, buku lili chitsegulire, foni ili pambali. Koma teremu yathayi Biology ndi Masamu watsika kwambiri. Ndikati ndimulande amalira kuti ndikufuna alephere. Bandulo ndimagula ndine. Ndichite chiyani?
Mayi wa ana atatu, Chilomoni

Mayi, musamulande. Komanso musakhulupirire kuti maola atatuwo akuwerenga. Mwanayo sakukunamizani dala ayi, mwini wakeyo akuona ngati akuwerengadi, ndipo akamakagona amakhala atatopa zenizeni.

Ine ndinaphunzitsa Biology ku sekondale mpaka kupuma, ndiye ndiloleni ndichedwepo pamenepa. Ife tinaleredwa kuti munthu akati odi pakhomo umasiya chimene ukuchita, ngakhale nsima ili pamoto, n'kukamulonjera. Wosayankha odi timamuti ndi wamwano. Mwambowu ndi wabwino, koma unakhazikika masiku amene alendo pa tsiku ankafika awiri kapena atatu, aliyense atachita kuyenda wapansi. Lero woodira satuluka thukuta. Wangogona chagada pabedi kwawo ku Bangwe, wadina chala, odi wake wafika patebulo la mwana wanu. Pagulu la kalasi pali ana ambirimbiri, kuonjezapo gulu la kwaya, la asuweni ndi la anzake a ku pulayimale. Mwana wanu munamulera bwino, n'chifukwa chake akuyankha onse.

Tsono taonani chimene chimachitika m'mutu. Akuwerenga mmene magazi amayendera: achoka mbali yakumanja ya mtima, apita ku mapapo kukatenga mpweya wabwino, abwerera mbali yakumanzere, kenako... foni yawala. Wayang'ana kamphindi chabe, mnzake watumiza chithunzi cha diresi. Pobwerera pabuku magazi aja sakuwapeza pomwe anawasiya, ayambirenso ku mtima, ndipo theka la maganizo latsalira pa diresi lija. Phunziro lotere lili ngati kuluka mphasa: ukasiya pakati osamanga, zimasosoka. Masamu ndiye aposa, chifukwa sitepe yachinayi imadalira kuti yachiwiri ikadali m'mutu. Sindikudabwa kuti maphunziro awiri amene atsikawo ndi amenewa.

Si vuto la ana a ku Chilomoni okha. Mayi wina wofufuza ku yunivesite ya California ku Irvine, Gloria Mark, wakhala akuyeza nthawi imene anthu ogwira ntchito pa kompyuta amakhala pa chinthu chimodzi asanadumphire china. Mu 2004 anapeza mphindi ziwiri ndi theka. Zaka za posachedwapa anapeza masekondi 47. Amenewo ndi akuluakulu olandira malipiro, nanji mtsikana wa zaka 17. Dziko la France linafika poletsa mafoni m'sukulu za ana aang'ono ndi achisodzera mu 2018.

Koma galasilo palokha silinalakwe. Kuyambira 2023 boma lakhala likugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale pa ndondomeko ya BEFIT, ana n'kumaphunzirapo kuwerenga ndi kuwerengera m'Chichewa. Mdzukulu wanga wa Sitandade 2, amene kunyumba sakhala pansi ngakhale pakudya, pa tabuletipo amangoti zii, zomvetsera zili m'makutu. Kusiyana kwake n'kwakuti pa tabuleti imeneyo palibe woodira. Ndipo tisaiwale 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19: ana amene anali ndi foni ndi mphunzitsi wakhama anapitiriza kulandira ntchito, anzawo akudikira wailesi kapena kungokhala. Ndiye pa gulu la WhatsApp lija musamuchotsepo, lili ndi ntchito yake.

Chimene ndikanachita ine ndi ichi. Nthawi ya gulu ikhale isanakwane 7 koloko: atsitse manotsi onse, afunse zofunsa, ayankhe odi wa aliyense. Ikakwana 7 azimitse data, ndipo zofunika kwambiri azikopere mu kope ndi dzanja lake. Kukopera kumachedwetsa, koma kuchedwako ndiye kuphunzirako, chifukwa polemba amasankha choti alembe. Akatha, foni ichoke m'chipindamo. Kuitembenuza chafufumimba patebulo sikuthandiza, mtima umakhala uli pomwepo ngati galu wodikira fupa. Awerenge mphindi 40, ngati piriyodi ya m'kalasi, atseke buku, atenge pepala loyera ajambule mtima uja kuchokera m'mutu. Pamene wakakamira ndi pamene sanamvetse. Ana amadana nayo njira imeneyi chifukwa imawaonetsa umbuli wawo, pamene kuyendetsa chala pa manotsi kumawapatsa mtima woti zonse akuzidziwa. Loweruka alembe pepala lakale la MANEB ndi wotchi yapakhoma, osati ya pafoni.

Mumuchenjezenso za likasa. Mayeso akamayandikira m'magulumu mumadzaza anthu ogulitsa mapepala oti ndi enieni. Ambiri ndi akuba chabe, ndipo akakhala enieni ndiye tsoka la onse: mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, n'kulembanso mu Januwale 2021.

Chotsala ndi chowawa pang'ono, mundikhululukire. Kuyambira 7 mpaka 10 koloko inuyo mumakhala mukutani? Ngati muli pampando mukuseka mavidiyo a pa TikTok mokweza, lamulo lanulo silifika Lachitatu. Mafoni onse awiri alowe mu kabati imodzi. Bambo akenso, poti ndi amene anagula.

Azakhali, ine ndili ku Joni, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Mwezi watha kunagwa maliro a mayi anga aang'ono kumudzi ku Ntcheu. Sindikanatha kubwera chifukwa cha ntchito ndi mapepala. Pa gulu la WhatsApp la banja ndinalemba uthenga wopepesa, ndipo ndalama ya bokosi ndinatumiza ndine tsiku lomwelo pa Mukuru. Pa mndandanda wa zopereka dzina langa linali pamwamba. Koma ndamva kuti amalume akuti ndine mtchona wopanda mwambo, ndimayesa maliro ndi golosale. Zandipweteka. Ndinalakwa pati?
Mnyamata wodandaula, Johannesburg

Mwana wanga, pepa ndi zovutazo. Bokosi unagula, ndipo usalole wina akuuze kuti n'zachabe. Amene anasenzapo udindo wa maliro m'nyumba yopanda kanthu amadziwa kulemera kwa ndalama yofika tsiku lomwelo. Kale uthenga unkayenda pa telegalamu kapena pa Mauthenga Achisoni a pa wailesi ya MBC, ndipo amene anali ku migodi ankamva kalata itafika, kumanda udzu utamera. Abambo anga anamva za imfa ya mchemwali wawo mwanjira imeneyo. Lero gulu la banja limasonkhanitsa wa ku Mzuzu, wa ku Lusaka, wa ku Leeds ndi iwe ola limodzi, wina wapeza galimoto, wina ufa, wina nkhuni. Pa ntchito imeneyi foni ilibe mnzake.

Koma m'kalata yakoyi ndafufuza mawu amodzi sindinawapeze: kuti unaimba. Amalume akowo ataya mlongo wawo. Ndi eni mbumba, ndi amene anakauza amfumu, anakapempha adzukulu, anakhala panja pa siwa usiku wonse kuzizira kwa ku Ntcheu kuja. Uthenga wako unagwera pakati pa mauthenga ena ambirimbiri ofanana, pepani, pepani, tizithunzi ta manja opemphera ndi nkhope zolira, ndipo mwina iwo sanauone n'komwe, anachita kuwawerengera mdzukulu. Kupepesa maliro kwathu kuno n'kukhala pansi pafupi ndi wofedwa, nthawi zina osanena kanthu. Chimene umapereka ndi nthawi yako. Uthenga wa pagulu umalembedwa uli pa mzere wa takisi, ndipo wolandira amadziwa zimenezo.

Mndandanda uja nawonso ndili nawo mawu. Chipepeso chimalengezedwa kumanda kuyambira kale, si chachilendo. Koma kumanda chimamveka kamodzi n'kupita ndi mphepo. Pagulu chimakhala pomwepo, adimini n'kumachibwereza m'mawa ndi madzulo, maina ndi manambala, wa zambiri pamwamba. Msuweni wako amene anasiya ganyu masiku atatu, anatunga madzi, anasenza bokosi unagulalo, pa mndandandapo palibe. Ndikuganiza kuti mawu a golosale aja anachokera pamenepo.

Poti tayamba, ndinene ndi ichi, ngakhale iwe sunachite. Chaka chatha ndinamva za imfa ya msuweni wanga ndili m'minibasi, nditatsegula sitetasi ya mwana wina wa kubanja: chithunzi, kandulo, ndi zilembo zija za Chingerezi. Mayi ake a malemuyo, nkhalamba ya kuthamanga kwa magazi, anali asanauzidwe. Anamva kwa mwana wa neba amene anabwera akuthamanga foni ili m'manja. Akuluakulu ankatumiza anthu awiri okhwima kukanena zovuta, ankayamba akhala pansi, alonjerana, kenako n'kuzula nkhaniyo pang'onopang'ono. Sikunali kuchedwa kwachabe. Achinyamata inu, chala chizidikira mwini mbumba.

Tsono iwe chita izi. Gula mayunitsi okwanira, imbira amalume pa foni yawo, osati pa gulu, osatinso kuwatumizira mawu ojambula. Sankha madzulo atabwera kumunda. Uwalonjere bwinobwino, ufunse za kumudzi, kenako unene kuti unalakwa kusaimba msanga. Za bokosi usatchule, ngakhale lilime likuyabwe. Akayamba kukalipa usadule, ndiwo maliro akewo, ukuwalira mochedwa. Uwafunse mmene mayi ako aang'ono anadwalira, anamwalira nthawi yanji, analalikira ndani. Nkhani imeneyo aifotokozera anthu ambiri, koma iwe sanakufotokozere. Pomaliza ufunse za chiliza, ndipo ngati mapepala ako alola, tsiku limenelo udzapezeke ndi thupi lako. Ngati salola, tuma munthu wamkulu akakhale pamphasa m'dzina lako.

Azakhali, ndine msungichuma wa banki m'khonde ya amayi 18. Titayamba kulandira masheya pa Airtel Money ndi Mpamba zinthu zinaphweka, koma tsopano kumsonkhano kumabwera anthu asanu okha. Ena amangotumiza chithunzi pagulu kuti alipira. Ngongole zayamba kuchedwa kubwezedwa, ndipo mwezi watha ndalama sizinagwirizane ndi buku. Kodi tisiye za pafonizi?
Msungichuma, Area 25

Amayi, musasiye. Airtel Money inafika kuno mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo amene tinasungako bokosi la maloko atatu pansi pa bedi, n'kumadzidzimuka galu akauwa, sitikufuna kubwerera kumeneko.

Koma dzifunseni chikole cha banki m'khonde n'chiyani. Simulanda nyumba, simulanda munda. Chikole chake ndi maso a anzako. Mayi amabweza ngongole chifukwa Lachinayi akakhala pakhonde moyang'anana ndi amene ndalama zawo anatenga, ndipo onse adziwa ngati geni ya mandasi ikuyenda kapena yagwa, ngati mwana wadwala kapena ndi bodza. Mutachotsa msonkhano munachotsa chikolecho, ndipo pafoni munthu amatha kuwerenga uthenga wanu, tizizindikiro tiwiri tija n'kusanduka tabuluu, iye n'kupitiriza kuphika.

Ndalama iziyenda pafoni, koma munthu azibwera. Wotumiza osabwera alembedwe kuti wajomba. Chithunzi cha pagulu musachiwerengere ngati malipiro, chifukwa chithunzi chimasinthidwa, ndipo chakale chimatha kutumizidwanso kachiwiri. Mulembe m'buku pokhapokha mwaona uthenga pa foni yanu ndipo balansi yakwera. Pamsonkhano mlembi awerenge buku mokweza, inu muonetse balansi kwa anthu awiri osakhala abale anu, ndipo mugwirizane poyera kuti ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa akulipira ndani, chifukwa kusiyana kwa mwezi watha mwina kwabisala pamenepo. Foni ya gulu ikhale ndi nambala yakeyake, isasakanikirane ndi ya ndiwo zapakhomo panu.

Chindapusa cha wojomba chibwerere. Ku gulu lathu ndi mtengo wa sopo mmodzi wochapira, ndipo ine chaka chino ndalipira kale kawiri.