Keke amaphika kapena amawotcha? Nanga chibwenzi n'cha yani?

Funso: Ndikulemba kabuku kanthano ka achinyamata. Atsikana awiri ogwirizana kwambiri amagulitsa makeke ndi masikono pa tchuthi, kenako mmodzi mtima ukumugwera mnyamata amene amawabweretsera makala. Ndilembe kuti keke akuphika, akuwotcha kapena akukazinga? Chinanso, ndinalemba kuti atsikanawo ali pa chibwenzi kuyambira ku pulayimale, ndipo amayi atawerenga anandiyang'ana modabwa. Ndalakwitsa pati? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Chemwali, lembani kuti akuphika, osakayika ayi. Timawotcha chinthu chimene chakumana ndi moto weniweniwo: chimanga chachiwisi pa makala, mbatata m'phulusa. Mukalemba kuti mtsikana wanu wawotcha keke, ine ndimva fungo la chopserera n'kuyamba kumumvera chisoni. Kukazinga n'kwa mandasi ndi zitumbuwa m'mafuta, kapena mtedza pa phale.

Chimene sindikufuna kuchiona m'bukumo ndi "kupanga bake". Mneni ameneyu kupanga watilowerera ngati chiswe. Lero anthu akupanga bake, akupanga mix, akupanga deliver, ndipo ukawafunsa amati Chichewa chilibe mawu ake. Bodza limenelo. Agogo anga ankaphika chikondamoyo, chija ena amati chigumu: ufa wa mgaiwa, soda pang'ono, nthochi zakupsa zikapezeka. Amathira m'poto, pansi makala, pamwamba pa chivundikiro makala enanso. Uvuni wake unali womwewo, ndipo palibe tsiku limene anasowa mneni. Ngakhale m'Baibulo, wantchito wa Farao uja anamangidwa pamodzi ndi Yosefe timamudziwa kuti wophika mkate.

Mayina obwereka ndilibe nawo mlandu. Keke, buledi ndi uvuni zinabwera ndi mayina awo, tinangowasula kuti akwane m'kamwa mwathu. Mandasi ndi mkate tinatenga ku Chiswahili kalekale, ndipo palibe amene amawaona ngati alendo. Sikono ndimalumbira kuti anabwera ndi amishoni a ku Scotland aja anakhazikika ku Blantyre mu 1876, pakuti kwawo ndiye kuchimake kwa masikono. Amene akutsutsa andiuze anabwera naye ndani. Bwerekani dzina la chinthu, koma mneni musiyeni akhale wathu.

Tsono za amayi anu, iwo sanalakwe. Kale bwenzi anali bwenzi basi. Ndili mwana ndinkamva madoda awiri akutchulana "bwenzi langa", kupatsana nkhuku, kulirana maliro, popanda wotukula nsidze. Kutchalitchi mpaka lero timaimba kuti Yesu ndi bwenzi lathu. Koma mawu amayenda, ndipo chibwenzi chinasamukira kwa mnyamata ndi mtsikana amene afunsirana. Ndikanakonda chikanapanda kusamuka, koma anyamata sanandifunse maganizo. Kamphatikiram'mbuyo kokha, ka u- kapena chi- koyambirira kwa mawuwo, ndiko kakusiyanitsa tsopano: ubwenzi ndi wa aliyense, chibwenzi n'cha okondana. Ndiye atsikana anuwo ali pa ubwenzi, ndipo polankhula azingoti "mnzanga". Kwanu kum'mwerako kulinso mawu okoma amene akuzilala, chinjira, ubale wa akazi awiri osabadwira pamodzi amene amauzana zakukhosi ndi kuthandizana pa mavuto. Mukawaika m'kamwa mwa agogo a mmodzi wa atsikanawo, adzakhala pamalo pake. Chibwenzi musungireni wamakala uja, ndipo musafulumire kuchitchula. Ayambe wabweretsa matumba angapo, mwina limodzi osalipiritsa.

Simunandifunse za mutu wa bukulo, koma ndine wokalamba, ndilowererapo. Tamverani dzina lija: chi-konda-moyo. Muli kukonda, muli moyo, ndipo ndi chakudya chophikidwa pa makala, omwewo amene mnyamata wanu akubweretsa. Mukapanda kulitenga inu, ndilembera ndekha.