Mbiri ya ufulu wa India pa mayeso: tsata mikangano iwiri, zaka zibwera zokha

Mtsikana wina wa Fomu 4 wanditumizira imelo. Akuti: "Aphunzitsi, MSCE yayandikira koma mutu wa mmene India inapezera ufulu ukundizunguza. Zaka n'zambiri, mayina ndi achilendo, ndikaloweza lero mawa zonse zauluka. Ndiwerenge bwanji?"

Mwana wanga, zikuulukazo n'chifukwa ukuziloweza chilichonse pachokha. M'nkhaniyi muli mikangano iwiri yoyendera limodzi. Woyamba ndi wa Amwenye ndi Angelezi. Wachiwiri ndi wa Amwenye okhaokha, chipani cha Congress ndi cha Muslim League. Ukapeza chaka m'notsi zako, dzifunse kuti chikukhudza mkangano uti ndipo chinasintha chiyani.

Zoyambirira usataye nazo nthawi yambiri. Angelezi analowa ngati amalonda kudzera mu kampani ya East India Company, yomwe inakhazikitsidwa mu 1600. Mu 1757 Robert Clive anapambana nkhondo ya ku Plassey ndipo kampaniyo inayamba kulamulira Bengal. Mu 1857 asilikali achimwenye anaukira ku Meerut atamva kuti zipolopolo zatsopano, zimene ankayenera kuziluma pozitsegula, zinapakidwa mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba. Kwa Mhindu ng'ombe ndi yopatulika, kwa Msilamu nkhumba ndi yodetsedwa. Chaka chotsatira boma la Britain linalanda ulamuliro m'manja mwa kampani. Pamenepo pakwana.

Congress inabadwira ku Bombay mu 1885, ndipo poyamba inali ya anthu ophunzira opempha mwaulemu kuti nawonso apatsidweko malo m'boma. Mu 1905 bwanamkubwa Curzon anagawa Bengal pawiri. Ahindu ambiri anakwiya n'kuyamba kunyanyala katundu wa ku Britain, pamene Asilamu ambiri a kum'mawa kwa Bengal anakondwera chifukwa m'chigawo chatsopanocho iwo ndiwo anali ochuluka. Muslim League inabadwa mu 1906 ku Dhaka, ndipo mu 1909 Angelezi analola Asilamu kumasankha okha aphungu awo. Waona mmene chinthu chimodzi chadyetsera mikangano yonse iwiri? Koma usalembe ngati zipanizi zinali pa udani kuyambira kalekale. Mu 1916 zinagwirizana ku Lucknow, ndipo Muhammad Ali Jinnah, yemwe pambuyo pake anatsogolera League, nthawi imeneyo anali membala wa zonse ziwiri.

Chaka cha 1919 chigwire ndi manja awiri. Amwenye oposa miliyoni imodzi anatumikira Britain pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse ndipo ankayembekezera mphotho. M'malo mwake analandira lamulo la Rowlatt, lolola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Pa 13 Epulo, ku Amritsar, khamu linasonkhana m'bwalo la Jallianwala Bagh lotchingidwa ndi makoma, lokhala ndi tinjira tochepa totulukira. General Dyer analamula asilikali kuwombera osachenjeza, ndipo anawombera kwa mphindi pafupifupi khumi. Boma linati anafa ndi 379, Amwenye anati oposa pamenepo kutali. Funso likakhala loti n'chifukwa chiyani Congress inasiya kupempha n'kuyamba kukana, yankho lako liyambire apa. Mahatma Gandhi, mtsogoleri wa Congress yemwe anabwerera kuchokera ku South Africa mu 1915, anatsogolera kunyanyala masukulu, makhoti ndi nsalu za Angelezi kuyambira 1920. Anaimitsa zonse mu 1922 anthu atawotcha polisi ya ku Chauri Chaura n'kupha apolisi.

Ulendo wa mchere ophunzira amaukonda, koma ambiri amangolemba kuti Gandhi anayenda pansi kupita kunyanja. Wochonga akufuna kumva chifukwa chake anasankha mchere. Boma lokha ndilo linali ndi ufulu wopanga ndi kugulitsa mchere, ndipo linkaudulira msonkho. Tsono ndani adya ndiwo zopanda mchere? Mhindu, Msilamu, wolemera, mlimi wosauka, onse msonkhowo unkawaluma. Pa 12 Malichi 1930 ananyamuka ku Sabarmati ndi anthu 78, n'kuyenda makilomita pafupifupi 385 mpaka ku Dandi, ndipo pa 6 Epulo anawerama pagombe n'kutola mchere. Kuphwanya lamulo kunali komweko. Anthu anayamba kuphika madzi a m'nyanja m'miphika, oposa 60,000 anamangidwa, ndipo atolankhani akunja analemba za apolisi akukwapula anthu osabwezera. Angelezi anagwidwa njakata: akamusiya lamulo lawo lisanduka choseketsa, akamumanga dziko lonse liona nkhanza.

Tsopano chaka chimene ambiri amachidumpha, chomwe kwa ine ndicho chimasula funso la kugawidwa kwa India: 1937. Lamulo la 1935 linapatsa zigawo mphamvu zodzilamulira, ndipo pa chisankho cha 1937 Congress inapambana n'kupanga maboma m'zigawo zambiri. League inachita moipa ngakhale pa mipando ya Asilamu yomwe. M'chigawo cha United Provinces zokambirana zoti alamulire limodzi zinalephereka chifukwa Congress inafuna kuti a League asungunukire m'chipani chake. Jinnah anatolapo phunziro loti mu India mmodzi wolamulidwa ndi mavoti, Asilamu, omwe anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a anthu onse, adzakhala akugonja mpaka kalekale. Mu 1939 bwanamkubwa Linlithgow analowetsa India m'nkhondo osafunsa Mmwenye aliyense, nduna za Congress zinatula pansi maudindo, ndipo mu 1940 ku Lahore League inapempha dziko la Asilamu paokha. Mu 1942 Congress inauza Angelezi kuti achoke, atsogoleri ake n'kuponyedwa m'ndende. Pamene iwo anali m'ndende, Jinnah anali panja akumanga chipani, ndipo pa chisankho cha 1945 ndi 1946 League inatenga pafupifupi mipando yonse ya Asilamu. Ukafotokoza mzere umenewu bwinobwino, ndime ziwiri zakwana kale.

Chenjera ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani Britain inachoka. Ukalemba za Gandhi yekha wataya malikisi. Nkhondo yachiwiri inasiya Britain ili mu ngongole, ina mwa ngongoleyo kwa India yemweyo. Chipani cha Labour cha Clement Attlee chinalowa m'boma mu 1945 chili chokonzeka kupereka ufulu. Mu 1946 asilikali apamadzi achimwenye anaukira ku Bombay, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anthu masauzande anaphedwa ku Calcutta pa zipolowe za Ahindu ndi Asilamu. Angelezi anaona kuti dzikoli sangathenso kuligwira.

Mountbatten, bwanamkubwa watsopano, anafika mu Malichi 1947 n'kufupikitsa nthawi yoperekera ufulu. Loya Cyril Radcliffe, yemwe anali asanapondeko ku India, anapatsidwa milungu pafupifupi isanu kuti adule malire a India ndi dziko latsopano la Asilamu, Pakistan, m'zigawo za Punjab ndi Bengal. Pakistan imakondwerera ufulu pa 14 Ogasiti, India pa 15, koma malirewo analengezedwa pa 17, kutanthauza kuti midzi ina inakondwerera isakudziwa kuti ili dziko liti. Anthu oposa 10 miliyoni anasamuka, ndipo ophedwa anali masauzande mazanamazana. Pa zotsatira usaiwale mkangano wa India ndi Pakistan wolimbirana chigawo cha Kashmir, kuphedwa kwa Gandhi ndi Nathuram Godse pa 30 Januwale 1948, ndi kupatuka kwa Bangladesh kuchoka ku Pakistan mu 1971.

Usiku uno tenga pepala, ulidule pakati ndi mzere. Kumanzere lemba za Angelezi ndi Amwenye, kumanja za Congress ndi League. Zaka 1905, 1939 ndi 1942 uzilembe pamzere penipeni chifukwa zikukhudza mbali zonse. Ukatero tseka kope, umufotokozere mnzako nkhani yonse m'Chichewa, iye azingokufunsa kuti "chifukwa chiyani?" Pamene wakakamira, tsegula kope pomwepo. Kenako tenga mapepala akale a MANEB, usankhe funso limodzi, uliyankhe m'Chingelezi wotchi ili patebulo.