Yankho la amalume pa fomu ya wrestling ya Dalitso

Asisi, mwaswera bwanji uko ku Chilenje? Uthenga wanu ndaumva, chithunzi cha fomu imene Dalitso wabwera nayo kusukulu ndachionanso. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba zonsezi chala chingatupe. Mukufunsa ngati musaine, ngati mwana sadzathyoka khosi ngati aja a pa TV, ndiponso zoti mumugulire. Agogo ake nawo ayankha kuchokera ku Katete kuti mdzukulu wawo akukaphunzira ndewu. Ndiyankha zonse, koma mupirire nane, italikako.

Sainani. Koma musanagwire cholembera, mupite tsiku limodzi mukakhale pambali muonerere training yawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Zija za WWE zodumpha pa zingwe ndi kumenyana ndi mipando muzichotse kaye m'mutu. Lija ndi sewero, wopambana amapanganiratu. Zakusukuluzi ndi masewera ogwetsana a ku Olympics, amene malamulo ake amachokera ku United World Wrestling. Mulibe nkhonya, mulibe theche, mulibe kukanyanga pakhosi, kupotokola zala kapena kukoka tsitsi. Ngakhale mutu wa mnzako suloledwa kuukumbatira wokha ndi manja awiri, mkono wake uyenera kukhalamo kuti khosi lisapanikizike. Chimene akufuna n'kumugwetsa mnzake chagada, mapewa onse awiri agunde pansi. Zikatero refa amamenya dzanja pansi, basi yatha. Zikakanika amawerenga mapointi. Kumugwetsa n'kumukhalira kumsana ndi 2, kumutulutsa kunja kwa mzere ndi 1, kumunyamula ali chiimire n'kumugwetsera kumsana ndi 4 kapena 5. Anyamata a msinkhu wa Dalitso amalimbana zigawo ziwiri za mphindi 2, pakati n'kupuma masekondi 30. Mukamva mphindi 4 museka, koma mudzaone mmene amatulukira, miyendo ili njenjenje. Ndipo wina akatsogola ndi mapointi 10 mu freestyle, mtundu umene amaloledwa kugwirana ndi miyendo yomwe, amaimitsa pomwepo, sasiya mwana wofooka azingogubuduzidwa. Ya Greco-Roman ndi ija sagwirana miyendo, zonse zimachitika kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba. Mufunse kuti akuwaphunzitsa iti.

Kuvulala kulipo, ndisakunamizeni. Bondo, phewa, kubinya akakolo, chala kutupa, kamfuno. Zimenezo adzabwera nazo. Koma ine monga munthu wa zamasewera a ana kusukulu, chimene chimandiopsa kwambiri ndi sikelo, ndipo nkhani ya sikelo imachitikira m'nyumba mwanu, pa mbale ya nsima, kochi kulibe.

Amalimbana potengera kulemera. Kwa osapitirira zaka 17 magulu ake amayenda chonchi, 51, 55, 60, 65, mpaka m'mwamba. Ndiye tinene kuti Dalitso akulemera makilo 57. Ayenera kulimbana mu 60. Koma anzake amuuza kuti iwe mu 60 akakutafuna, tsika ulowe mu 55, ukakhala wamkulu pakati pa ang'onoang'ono. Makilo awiriwo m'masiku atatu sangachoke ngati mafuta, amene amachoka ndi madzi a m'thupi. Mwana amasiya kumwa madzi, amalavulira malovu m'botolo tsiku lonse, amavala mapulasitiki m'kati mwa juzi n'kumathamanga dzuwa lili paliwombo, ena amamwa mankhwala otsegula m'mimba kapena mapiritsi okodzetsa. Tsono muganizire kutentha kwa Lusaka mu October. Mu 1997 ku America anyamata atatu a m'makoleji osiyana anamwalira pakati pa November ndi December akuchita zomwezi, onse akuthamangira sikelo. Anali anyamata amphamvu, a zaka 19, 21 ndi 22. Mtima ndi impso sizipirira thupi likauma madzi uku likutentha. Imfa zimenezo n'zimene zinachititsa kuti kumeneko aletse zovala zotulutsa thukuta ndi zipinda zotentha zija, n'kuika lamulo loti mwana asatsike kupitirira 1.5 peresenti ya kulemera kwake pa sabata. Kwa mwana wa makilo 57 sipakwana ndi kilo imodzi yomwe.

Ine maganizo anga ndi akuti mnyamata wa zaka 16 asatsike n'komwe. Akukula, mafupa akutalika, chaka chamawa adzakhala mu 65 afune asafune. Alimbane pa kulemera kumene ali nako. Akagonja agonje, aphunzira. Kochi aliyense amene angamuuze kuti usadye, usamwe, kuti timu ipeze mendulo, ameneyo mumuchotsereko mwana tsiku lomwelo, ndipo ahedi adziwe chifukwa chake.

Ndiye inu muziyang'ana. Dalitso timamudziwa tonse, nsima sabweza. Tsiku limene adzati ndakhuta atangotema mbamu ziwiri, kapena ndadya kale kwa anzanga masiku otsatizana, mudzadziwe kuti pali mpikisano pafupi. Milomo youma, maso olowa, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, chizungulire akadzuka pampando, kugona m'kalasi. Mumuuze aziona mkodzo wake, ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa. Chakudya chapadera safunika. Nsima, nyemba, kapenta, mazira, chibwabwa chotendera nshawa, kandolo m'mawa, nthochi ndi maheu akaweruka ku training, zakwana. Maufa aja amagulitsa m'mashopu a gym ndi ndalama zotaya kwa mwana, ma energy drink ayi, ndipo jakisoni kapena mapiritsi okulitsa minofu asayerekeze, amatha kutseka mafupa asanamalize kukula, mwana n'kukhala wamfupi mpaka kalekale. Botolo la madzi akhale ndi lakelake, madzi owiritsa kapena othira klorini kunyumba. Nthawi ya mvula mukudziwa mmene kolera imavutira mu Lusaka muno, zomwera botolo limodzi anyamata khumi ayi.

Dikirani, galimoto ikudutsa... eya.

Chachiwiri ndi khungu. Amenewa ndi masewera okhudzana thupi ndi thupi, thukuta kusakanikirana, nkhope kukhula pa mat, choyala chija amalimbaniranapo. Zipere ndiye kwawo. Akangofika kunyumba asambe ndi sopo, asayambe wakhala pa sofa kapena kugona. Ndikudziwa madzi amavuta masiku ena, mumusungire ndowa. Zovala za training zichapidwe tsiku lililonse, ziume padzuwa, zisagone m'chikwama zili zonyowa. Thaulo lake asabwereke, asabwereketse. Kamodzi pa sabata mumuone kumsana, m'khosi ndi m'mutu, poti yekha sadziona. Chipere cha pathupi chimamva clotrimazole, adzole mpaka masiku amene auzidwa atakwana, osasiyira panjira chifukwa chazimiririka. Cha m'mutu mafuta okha sachiza, chimafuna mapiritsi a kuchipatala kwa masabata angapo. Ndipo chonde asisi, timachubu tija tosakaniza timene anthu amagula pamsika, tokhala ndi steroid, timangoziziritsa kuyabwa uku chipere chikufalikira. Mukaona timatuza tamadzi tambiri pamodzi, kumaso kapena m'khosi, towawa, kapena chilonda cha mafinya chokhala ndi nkhanambo yachikasu, apite ku kiliniki ndipo asakwere pa mat mpaka achire. Pa mpikisano adokotala amayang'ana khungu nthawi ya sikelo, akapeza zotere amamubweza, ndiye kubisa sikuthandiza. Mukapita kukaonerera mufunse kuti mat amapukuta kangati. Yankho labwino ndi tsiku lililonse la training, ndi madzi a Jik.

Khutu. Munaonapo anthu ogwetsana makutu awo ali ngati chitumbuwa? Khutu likapindika mwamphamvu kapena kukhulika, magazi amadzadza pakati pa khungu ndi kafupa kofewa kaja. Akachotsedwa msanga n'kumangidwa bwino, khutu limabwerera. Mukalisiya limauma choncho moyo wonse. Ndiye likatupa, lofewa, lotentha, tsiku lomwelo kapena mawa lake apite pa chipatala cha Chilenje Level One pafupi nanupo. Zoboola ndi singano kunyumba ayi, muikamo matenda. Pali chovala chake chotchinga makutu, ana ambiri amachikana ati chimawachititsa manyazi, inu mumukakamize, makamaka pa training poti m'pamene amathera nthawi yambiri.

Za mutu mumvetsetse, alamu amvenso. Mwana akagunda mutu, sikuti mpaka akomoke kuti ubongo ugwedezeke. Akamati mutu ukuwawa, akuona zinthu ziwiriziwiri, chizungulire, wasokonezeka, sakukumbuka zimene zachitika, tsiku limenelo zatha, sabwereranso pa mat ngakhale ikhale fainolo, ngakhale alire. Abwerere pang'onopang'ono adokotala akavomera. Akamasanza mobwereza, mutu ukunka nuwawirawira, kapena akuvuta kudzutsa, musadikire kuche, thamangani naye ku chipatala chachikulu cha UTH. Akagwa n'kumadandaula khosi, manja kapena miyendo yachita dzanzi, asamudzutse, asamunyamule chinyamulenyamule, agone pomwepo mpaka abwere odziwa. Pa fomupo pali malo a matenda, mulembe zoona. Chifuwa chake cha mphumu chija mulembe, inhela izikhala m'chikwama pafupi ndi mat. Makolo ena amabisa khunyu kapena sickle cell poopa kuti mwana amukana, n'kumuika pa ngozi. Kadi ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ndi nambala yanu kochi akhale nazo.

Tsono mukapita kuja mukaone izi. Mat akhale enieni, okhuthala, olumikizana bwino, osati matiresi ogonera oyala pa simenti okhala ndi mipata, phazi likalowa pampata bondo limapita. Muone ngati amayamba ndi kutenthetsa thupi ndi kulimbitsa khosi. Mwana watsopano masabata oyamba amayenera kuphunzira kaimidwe, kugwa ndi kugubuduka, asanayambe kuponyana. Muone amene akumuphatikiza naye, wa makilo 57 asapatsidwe chimphona cha Grade 12 ati alimbe mtima. Muone ngati kochi maso ake ali pa ana kapena pa foni. Mumufunse kumene anaphunzira ntchitoyi, ngati amadziwa first aid, ndiponso ngati mipikisano imene amapitako ili pansi pa bungwe lolembetsedwa ku National Sports Council of Zambia. Wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso otere.

Pali china chimene sitikonda kukamba pa gulu la banja, koma ndinena. Poti masewerawa ndi ogwirana, munthu wa maganizo oipa savutika kubisala m'menemo, ndipo anyamata nawonso zimawachitikira. Training ya awiri okha chitseko chotseka ayi. Mauthenga a usiku a kochi kwa mwana ayi, zonse zidzere pa gulu la makolo. Akamapita ku Kabwe kapena ku Ndola mudziwe amene akuwaperekeza, kumene akagone, ndipo wamkulu asagone chipinda chimodzi ndi mwana. Kumenya mwana ati ndi chilango cha training n'kolakwa, Children's Code Act ya 2022 inaletsa. Dalitso adziwe kuti akhoza kukuuzani chilichonse osakalipiridwa, adziwenso 116, nambala yaulere ya Childline. Kapena aziuza ine, zina mnyamata amamasuka kwa amalume ake.

Amama, za ndewu zija ndamva. Koma kodi kubusa ku dambo anyamata sankagwetsana? Kumeneko kunalibe refa, kunalibe sikelo, wamkulu ankangokhalira wamng'ono. Kuno amagwirana chanza asanayambe ndi pomaliza, wochita mwano amachotsedwa. Ana amene ndawaona akulimbikira masewera otere ambiri amafatsa, poti amagwetsedwa tsiku ndi tsiku, amadziwa kuti kunja kuno kuli owaposa, ndipo pofika madzulo mphamvu zoyambana ndi anthu zimakhala zatha. Lamulo limodzi lokha asisi muike: zimene waphunzira asayesere pa azing'ono ake. Pabalaza panu ndi pa matailosi, mutu wa mlongo wake Tamanda ukagunda pamenepo ndi nkhani ina. Tamandayo mwati wayamba kale kufunsa ngati atsikana amaloledwa. Amaloledwa. Ku Olympics akazi anayamba mu 2004 ku Athens, Marwa Amri wa ku Tunisia anatenga bronze mu 2016, Blessing Oborududu wa ku Nigeria anatenga siliva ku Tokyo. Ife a dziko la akatswiri a nkhonya Esther Phiri ndi Catherine Phiri tisadabwe mtsikana akafuna zolimba. Koma ayambe wakula, za iye tidzakambirana padera.

Sukulu isatsalire. Mugwirizane naye poyera kuti magiredi akatsika, training iyamba yaima.

Zogula musathamange nazo, mwezi woyamba ena amasiya okha. Kabudula wopanda zipi ndi matumba, tisheti yogwira thupi kuti zala za mnzake zisakodwe, basi. Kamalaya kampikisano kaja kamakhala kofiira kapena kabuluu, mufunse kaye ngati sukulu ili nato. Zikhadabo awenge, tcheni ndi mphete avule, ndipo tsiku la mpikisano asadzole Vaseline, refa amabweza munthu woterera. Nsapato zake ndi zopepuka, zofika mu akakolo, zapansi pofewa, zopanda chitsulo. Mu salaula ku Soweto kapena ku City Market mukafufuza bwino zimapezeka, nthawi zina ogulitsa amaziyesa za nkhonya. Azivala pa mat pokha, osati kuyenda nazo kuchokera pa siteshoni, dothi lonse la mumsewu n'kukalipaka pamene anzake akugunditsa nkhope. Ndipo alamu, ndikudziwa muli pompo mukumvera, zija mumachita pa nsapato za sukulu zogula zazikulu kuti adzakuliramo, apa ayi. Phazi likamasewera m'kati, akakolo amabinya. Mupite naye akayese yekha, atavala sokosi.