Sukulu yovina ya mtsikana wa zaka 6

Amayi, mwafunsa komwe mungapititse mtsikana wanu kukaphunzira kuvina. Musalipire musanakaonerere kaye phunziro limodzi. Yang'anani pansi: ana akamadumphira pa simenti, mawondo ndi akakolo zimavutika, pa matabwa ndiye pabwino. Funsaninso ngati makolo amaloledwa kulowa. Akakana, bwererani ndi ndalama zanu.

Ngati ndi ballet, gule wachizungu uja wovina monyang'ama, wina akafuna kumuimiritsa pa nsonga za zala pa msinkhu umenewu, kanani ndithu. Mafupa a phazi amakhala asanakhwime mpaka zaka 11 kapena 12. Mtunda nawo muuganizire. Mwachitsanzo, mu Lilongwe, kuchoka ku Area 25 kupita ku Area 3 madzulo, ndi mzere wa magalimoto uja, mwana adzafika atatopa kale. Chimtali nacho musachinyoze, akhoza kuyambira pomwepo.