Mawondo akakana mapiri: kuyenda m'madambo a kunyanja ndi m'mbali mwa mitsinje

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene akhala akukwera mapiri kwa zaka zambiri. Akuti mawondo ayamba kukana, makamaka potsika, koma mtima wa maulendo ataliatali apansi sunawachoke. Funso lawo linali ili: "Ndamva kuti kuli njira zodutsa m'madambo a m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndi zina zotsata mitsinje. Poti n'zopanda zitunda, kodi pali chokonzekera? Nanga ndiyambire pati?"

Mayi, zikomo polemba. Pa za mawondo mwaganiza bwino, chifukwa chimene chimawapweteka kwambiri ndi mtsetse, ndipo kudambo kulibe. Koma chokonzekera chilipo, chachikulunso. Kuphiri maso anu anazolowera kuyang'ana miyala ndi mitambo. Kuchidikha mwini malo ndi madzi, ndipo madzi a kunyanja amayendera nthawi yawo, sadikira munthu.

Ndiyambe ndi mitsinje, chifukwa n'kumene ndikufuna muyambire. Njira zambiri zoterezi ndi zakale, zinkapondedwa ndi mahatchi okoka mabwato a katundu. Chitsanzo chodziwika ndi Thames Path ku England, imene inatsegulidwa mu 1996. Imayambira kumene mtsinje wa Thames umatumphukira, pafupi ndi mudzi wa Kemble, n'kukafika ku London, mtunda wa pafupifupi makilomita 300. Palibe amene amakukakamizani kuimaliza yonse. Anthu amaidula zidutswa, lero makilomita 12, tsiku lina 15. Ubwino wa njira ya mtsinje ndi wakuti kusochera n'kovuta: madzi akhale kumanzere kapena kumanja, basi. Vuto lake ndi lakuti mtsinje wa pachidikha umakhotakhota. Mudzi umene ukuoneka pafupi pamapu, kapena nsanja ya tchalitchi imene mukuiona ndi maso, mutha kuifikira patapita maola awiri. Muziwerengeratunso milatho. Njira ikafuna kuoloka pamene bwato lowolotsa anthu silikuyenda tsiku limenelo, mubwerera ulendo wonse. Ndipo mvula ikagwa kumtunda, mtsinje umasefukira kumunsi ngakhale kumeneko kuli dzuwa, choncho funsani za madzi musananyamuke.

Mukazolowera, pitani ku njira zoyenda pamwamba pa makoma a dothi otchinga madzi. Izi ndiye ndimazikonda koposa. Mumakhala pamwamba pang'ono, mwina mamita awiri kapena atatu okha, koma mumaona dziko lonse: mbali ina bango ndi matope, mbali ina msipu wa ng'ombe. Kum'mawa kwa England kuli Wherryman's Way, yotsata mtsinje wa Yare kuchokera ku Norwich kukafika ku Great Yarmouth, makilomita opitirira 50. Imadutsa m'dera la Broads, kumene nyanja zing'onozing'ono zimene anthu ankaziyesa zachilengedwe zinapezeka kuti ndi maenje akale. Katswiri wa zomera Joyce Lambert ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti anthu akalekale ankakumbamo dothi lakuda loyaka ngati nkhuni, madzi n'kudzadzaza pambuyo pake. Ine nkhani imeneyi imandikhudza, chifukwa dambo limaoneka ngati palibe anapondapo, chonsecho lili ndi zala za anthu paliponse. Kum'mwera kwa France kuli dambo la Camargue, pamene mtsinje wa Rhône umagawikana polowa m'nyanja ya Mediterranean. Kumeneko kuli mahatchi oyera ndi mbalame zofiirira za miyendo italiitali, komanso udzudzu wosaneneka nyengo yotentha.

Pamakoma amenewa palibe mthunzi ndipo palibe chotchinga mphepo. Madzi akuzungulirani mbali zonse koma ambiri ndi amchere kapena oima, choncho nyamulani akumwa ochuluka kuposa amene munkatenga kuphiri, kumene mwina munkadalira akasupe. Chinanso chimene anthu sachiyembekezera: poyenda pathyathyathya phazi limaponda mofanana tsiku lonse, malo amodzimodzi n'kumakhuzika, ndipo matuza amabwera msanga. Nsapato zolemera za kuphiri zisiyeni. Zopepuka zouma msanga n'zabwino, ndi masokosi osinthira. Ndodo yanu musaitaye, idzakuthandizani kuyesa kuya kwa thope. Mukadutsa m'msipu, ng'ombe za ana zipatseni mpata waukulu, ndipo madzulo dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna mumvetsetse, pa matope ndi mchenga zimene zimaonekera nyanja ikaphwa.

M'magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye kuti nthawi ya dzulo si ya lero. Tsiku lililonse imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 zija. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri, chifukwa mwezi ndi dzuwa zimakokera pamzere umodzi. Ndipo madzi sabwera mwa liwiro limodzi. Amalinyero ali ndi kawerengedwe kakale: gawani kukwera konse kwa madzi m'magawo 12. Ola loyamba limabweretsa gawo limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, kenaka awiri, kenaka limodzi. Theka la madzi onse limafika m'maola awiri apakatiwo. Munthu amene waona madzi akubwera mwaulesi ola loyamba amati nthawi ilipo, osadziwa kuti liwiro likubwera katatu.

Choopsa kwenikweni n'chakuti madzi sayamba kutsogolo kwanu kumene mukuyang'ana. Amalowa kaye m'timakwawa tokhotakhota ta m'matope, ndipo tina tili kumbuyo kwanu, pakati pa inu ndi mtunda. Kamfuleni kamene munalumpha m'mawa osanyowa, pobwerera mupeza kali m'chiuno, kakuthamanga. Pakagwa nkhungu, ndiye simudziwanso kumene kuli mtunda, poti palibe mtengo kapena chulu chokuuzani. Ku Morecambe Bay, kumpoto chakumadzulo kwa England, anthu osachepera 21 ochokera ku China anamira mu February 2004 akutola nkhono zam'nyanja usiku, madzi atawatsekera njira. Gombe lomwelo lili ndi wolondolera anthu wovomerezeka, udindo wakalekale. Cedric Robinson anaugwira kuyambira 1963 mpaka 2019, ndipo ankayamba wayenda yekha kukayesa mchenga n'kuzika nthambi zosonyeza podutsa, chifukwa mitsinje ya pamenepo imasuntha ndipo njira ya mwezi watha ikhoza kukhala mchenga womeza lero. Ngati munthu wa zaka zoposa 50 pa ntchitoyo ankayesabe kaye, ine ndi inu tisayerekeze kupita tokha.

Sindikunena izi kuti muope. Ndikufuna mupite, koma ndi wodziwa malo. Ku Wadden Sea, gombe la Netherlands, Germany ndi Denmark limene UNESCO, nthambi ya United Nations, inayamba kulilemba pa malo otetezedwa a dziko lonse lapansi mu 2009, anthu amayenda pansi pa nyanja itaphwa mpaka kukafika pazilumba monga Ameland kapena Neuwerk, motsogoleredwa ndi olondolera ophunzitsidwa. Mbalame mamiliyoni zimaima pamenepo chaka ndi chaka kudzadya zisanapitirire ulendo wawo pakati pa Arctic, dera lozizira la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi Africa. N'chifukwa chake madambo oterewa amatetezedwa, ambiri pansi pa pangano la mayiko loteteza madambo la Ramsar la 1971. Mukaona gulu la mbalame likudya, lizungulireni patali. Kuliulutsa kamodzi kumaoneka kochepa, koma mphamvu imene zataya ndi ya ulendo wa makilomita masauzande.

Za mawondo anu ndisabise: thope lakuya limalemetsa kuposa chitunda. Kuzula phazi nthawi iliyonse kumapotokola bondo, ndipo ulendo wa maola atatu m'matope umatopetsa ngati tsiku lathunthu panjira youma. Mukafuna kuyesa, sankhani ulendo waufupi wa pamchenga wolimba, ndipo muuzeni wolondolera za mawondowo musanalembetse. Mukatitimira, musalimbane, tsamirani chagada kuti thupi litambasuke, n'kumasula mwendo umodzi pang'onopang'ono.

Ndiye poyambira ndi apa, mayi. Pezani mtsinje wokhala ndi njira yodziwika, muyende makilomita 10 tsiku loyamba, muone mmene mawondo adzukire m'mawa mwake. Akalola, onjezerani, kenaka mukwere pakhoma la kudambo. Tsiku limenelo onani ndandanda ya nthawi za madzi, mufike kutatsala maola awiri kuti nyanja idzaze, mukhale pansi pamalo okwera. Madzi akamakwera amakankhira mbalame kufupi ndi khoma, ndipo mudzaona ndi maso anu timakwawa tija tikudzaza kumbuyo kwa mchenga umene ukadali wouma. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kumva za mawondowo.